Ntchito yolimbana ndi matenda a onchocerciasis kumadzulo kwa Africa

Onchocerciasis Control Programme, mwachidule OCP, inali ntchito ya zaumoyo imene mayiko a kumadzulo kwa Africa anagwira mogwirizana ndi mabungwe a padziko lonse kuyambira chaka cha 1974 mpaka 2002. Cholinga chake chinali kuthana ndi matenda a onchocerciasis, amene amawononga maso ndi khungu la munthu, komanso kutsegula zigwa zachonde zimene anthu anazithawa chifukwa cha matendawa. Ntchitoyi inayamba ndi mayiko 7 ndipo inafika pa mayiko 11. Likulu lake linali mumzinda wa Ouagadougou, m'dziko limene lero ndi Burkina Faso. Mabungwe anayi ndiwo anaiyambitsa: bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO, banki ya World Bank, bungwe la zachitukuko la UNDP ndi bungwe la zaulimi ndi chakudya la FAO. OCP imawerengedwa kuti ndi imodzi mwa ntchito za zaumoyo zodutsa malire a mayiko zimene zinayenda bwino kwambiri mu Africa.

Matendawa ndi mmene amafalikira

Onchocerciasis imayamba ndi nyongolotsi yotchedwa Onchocerca volvulus. Nyongolotsiyi imachoka mwa munthu wina kupita mwa wina kudzera mwa ntchentche zakuda zing'onozing'ono za mtundu wa Simulium, zimene zimaluma masana. Ntchentchezi zimaikira mazira m'mitsinje ya madzi othamanga, makamaka pa mathithi ndi pamene madzi amawomba miyala, chifukwa mphutsi zake zimafuna madzi okhala ndi mpweya wambiri. Mphutsizo zimadziphatika pa miyala, pa udzu ndi pa nthambi zomira m'madzi, n'kumasefa chakudya m'madzi odutsawo. N'chifukwa chake matendawa amagwira kwambiri anthu okhala kufupi ndi mitsinje, monga alimi, asodzi ndi amayi amene amapita kudambo tsiku lililonse.

Ntchentche yaikazi ikaluma munthu wodwala, imayamwa magazi pamodzi ndi tiana ta nyongolotsi timene timakhala m'khungu. Tianato timakula m'thupi mwa ntchentche kwa masiku pafupifupi 7 kapena kuposerapo, kenako timalowa mwa munthu wina ntchentcheyo ikamuluma. M'thupi mwa munthu timakhwima pakatha chaka chimodzi kapena kupitirira. Nyongolotsi zazikulu zimadzikulunga pamodzi m'zotupa zolimba za pansi pa khungu, nthawi zambiri m'chiuno, m'nthiti, m'mawondo kapena m'mutu. Yaikazi imatha kukhala ndi moyo zaka 10 mpaka 15, ndipo m'zaka zonsezo imabereka tiana mazanamazana tsiku lililonse.

Chimene chimadwalitsa munthu kwenikweni ndi tianato. Timayenda m'khungu ndi m'maso, ndipo tikafa thupi limatupa polimbana ndi zotsalira zake. Munthu amayabwa usiku ndi usana, ena mpaka kudzikanda ndi miyala kapena zisononkho. Khungu limakhakhala, limachita makwinya ngati la nkhalamba, ndipo m'miyendo limatuluka mawanga oyera. M'maso, kutupa kwa zaka zambiri kumachititsa kuti galasi la kutsogolo kwa diso lichite chifunga ndiponso kuti mtsempha wa diso uwonongeke. Munthu akasiya kuona chifukwa cha matendawa, maso ake sabwereranso. Kusaona kumadza pang'onopang'ono, munthu akalumidwa kambirimbiri kwa zaka zochuluka, choncho ambiri ankasiya kuona ali ndi zaka za m'ma 30 kapena 40, pa msinkhu umene banja limawadalira.

Mmene matendawa anadziwikira

Anthu a m'mbali mwa mitsinje ya Volta ankadziwa kuyambira kale kuti kukhala pafupi ndi mtsinje kumawononga maso, koma chifukwa chake chinatenga zaka zambiri kuti chimveke. M'zaka za m'ma 1870, dokotala wa sitima zankhondo za Britain, John O'Neill, anaona tiana ta nyongolotsi m'khungu la odwala kugombe la kumadzulo kwa Africa. Mu 1893 katswiri wa ku Germany, Rudolf Leuckart, anafotokoza za nyongolotsi yaikuluyo. Mu 1915 dokotala wa ku Guatemala, Rodolfo Robles, anazindikira kuti nyongolotsiyi imakhudzana ndi matenda a maso. Mu 1926 Donald Blacklock, amene ankagwira ntchito ku Sierra Leone, anasonyeza kuti ntchentche ya Simulium damnosum ndiyo imafalitsa matendawa. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1930, dokotala wa ku Belgium, Jean Hissette, anapeza anthu ochuluka osaona chifukwa cha nyongolotsiyi ku Congo, ndipo mu 1945 Harold Ridley anasindikiza kafukufuku wa maso a odwala kumpoto kwa Gold Coast, dziko limene lero ndi Ghana.

Umboni woyamba woti ntchentchezi zingagonjetsedwe unachokera ku Kenya. Mu 1946, m'chigwa cha Kodera, akatswiri anathira mankhwala a DDT m'mitsinje ndipo ntchentche zofalitsa matendawa zinatheratu m'deralo. Koma dera la ku Kenya linali laling'ono komanso lotalikirana ndi madera ena a ntchentche. Kumadzulo kwa Africa zinthu zinali zina: mitsinje ya Volta, Niger, Comoé ndi ina imadutsa m'mayiko angapo, ndipo ntchentche ya kumeneko imauluka mtunda wautali. Zoyesayesa za m'madera ang'onoang'ono m'zaka za m'ma 1950 ndi 1960 zinkathandiza kwa kanthawi, koma kupopera kukangoleka ntchentche zinkabwerera kuchokera ku mitsinje yoyandikana nayo.

Zigwa zothawidwa

M'madera a tchire louma a kumpoto kwa Ghana, Upper Volta, Mali ndi Côte d'Ivoire, mtundu wa nyongolotsi umene ulipo umawononga maso kwambiri kuposa wa kunkhalango. M'midzi ina ya m'mphepete mwa mitsinje, munthu mmodzi mwa anthu 10 alionse anali wosaona, ndipo m'midzi yokhudzidwa koposa pafupifupi theka la amuna opitirira zaka 40 anali osaona. Zinali zachizolowezi kuona mwana akutsogolera bambo ake kapena agogo ake ndi ndodo, m'malo mopita kusukulu.

Mudzi ukamachepa anthu, aliyense wotsalayo ankalumidwa kwambiri chifukwa ntchentche zinali zomwezo koma anthu ogawana nazo ochepa. Achinyamata ankasamuka, atsikana a midzi ina ankakana kukwatiwa kumeneko, ndipo mapeto ake mudzi wonse unkachoka. Anthu ankakaunjikana kumtunda, pa nthaka yoguga, chonsecho dothi labwino la m'zigwa lili gone. Motero matendawa anali nkhani ya njala ndi umphawi kuwonjezera pa kukhala nkhani ya kuchipatala, ndipo ichi ndicho chinakopa mabungwe a zachuma.

Kukhazikitsidwa kwa OCP

Mu 1960, chaka chimene ambiri mwa iwo analandira ufulu wodzilamulira, mayiko olankhula Chifalansa anakhazikitsa bungwe la OCCGE kuti azilimbana limodzi ndi miliri ikuluikulu. Likulu lake linali ku Bobo-Dioulasso. Akatswiri a tizilombo ogwira ntchito ndi bungweli, mmodzi mwa iwo René Le Berre wa ku France, anaphunzira mwakuya moyo wa ntchentchezi ndipo anafika pa mfundo yoti kupha mphutsi kungatheke ngati dera lalikulu lonse litapoperedwa nthawi imodzi.

Mu Julayi 1968 kunachitika msonkhano ku Tunis umene anaukonza ndi WHO, OCCGE ndi bungwe la chithandizo la dziko la America la USAID. Msonkhanowo unagwirizana kuti matendawa angathe kugonjetsedwa m'chigwa cha Volta pogwiritsa ntchito ndege, bola ntchitoyo ikhale ya mayiko onse okhudzidwa ndipo ipitirire kwa zaka zambiri. Gulu la akatswiri linakonza ndondomeko yonse pakati pa 1971 ndi 1973. Mu 1972, pa nthawi ya chilala chachikulu cha ku Sahel, mtsogoleri wa World Bank, Robert McNamara, anayendera Upper Volta, anakumana ndi Le Berre ndipo anaona yekha midzi ya anthu osaona. Atabwerera anaika banki yake patsogolo posonkhetsa ndalama. Aka kanali koyamba kuti World Bank ilowe mozama chotere mu ntchito ya zaumoyo.

OCP inayamba mu 1974 ndi mayiko a Dahomey, Upper Volta, Côte d'Ivoire, Ghana, Mali, Niger ndi Togo. Dahomey inasintha dzina kukhala Benin mu 1975, ndipo Upper Volta inakhala Burkina Faso mu 1984. Dera loyamba linali lalikulu masikweya kilomita pafupifupi 654,000. Maudindo anagawidwa momveka: WHO inkayendetsa ntchito yeniyeni, World Bank inkasonkhetsa ndi kusunga ndalama zochokera ku mayiko ndi mabungwe othandiza oposa 20, pamene UNDP ndi FAO ankayang'ana za chitukuko cha madera omasulidwa. Chaka chilichonse nduna za zaumoyo, opereka ndalama ndi mabungwe anayi aja ankakumana kuti amve malipoti ndi kuvomereza bajeti. Kuyambira pachiyambi, opereka ndalama anauzidwa kuti ntchitoyi idzatenga zaka 20, chifukwa inayenera kupitirira mpaka nyongolotsi zonse zimene zinali kale m'matupi mwa anthu zitafa ndi ukalamba.

Kupopera mitsinje

Pa nthawiyo kunalibe mankhwala abwino opatsa anthu ambiri. Mankhwala a diethylcarbamazine ankapha tiana ta nyongolotsi mwadzidzidzi moti wodwala ankatupa, kuyabwa koopsa, ndipo nthawi zina maso ankawonongeka kwambiri. Mankhwala a suramin ankaperekedwa kudzera mumtsempha ndipo ankatha kuwononga impso. Choncho OCP inalunjika pa ntchentche, makamaka pa mphutsi zake, popeza mphutsi zimakhala malo odziwika pamene ntchentche zouluka zimamwazikana tchire lonse.

Kupopera kunayamba mu Febuluwale 1975. Mahelikopita ndi ndege zing'onozing'ono zinkatsata mitsinje n'kumathira mankhwala a temephos kumtunda kwa malo alionse oswanirana, kuti madzi okha atengere mankhwalawo pa mphutsi. Kutenthako, mphutsi imakhwima pakangotha sabata imodzi ndi masiku owerengeka, choncho malo alionse ankapoperedwa kamodzi pa sabata kuti pasakhale mphutsi yofika pouluka. Ntchito itakula, mitsinje yoyang'aniridwa inafika makilomita pafupifupi 50,000.

Muyezo wa mankhwala unkadalira kuchuluka kwa madzi mumtsinje tsiku limenelo. Ochepa sakanapha mphutsi, ochuluka akanapha nsomba ndi kuwononga ndalama. Poyamba anthu ankawerenga mizere yoyezera madzi n'kutumiza manambala pa wailesi ya mauthenga. Pambuyo pake anaika m'mitsinje zipangizo zotumiza kuya kwa madzi kudzera pa setilaiti.

Pansi panali gulu lina la antchito amene ntchito yonse inkadalira. Ena ankayenda m'mitsinje kufufuza mphutsi pa udzu ndi miyala. Ena ankakhala m'mphepete mwa madzi kuyambira m'mawa mpaka madzulo atavula miyendo, n'kumagwira ntchentche iliyonse yotera pa iwo isanalume. Ntchentchezo zinkang'ambidwa pansi pa makina oonera tinthu ting'onoting'ono kuti aone ngati zili ndi nyongolotsi. Madokotala nawo ankabwerera ku midzi yosankhidwa pakapita zaka zingapo, n'kumadula kachikopa kakang'ono pa chiuno cha munthu aliyense kuti awerenge tiana ta nyongolotsi, komanso kuyeza maso. Chizindikiro chodalirika koposa chinali ana obadwa ntchito itayamba: ngati iwo analibe nyongolotsi, ndiye kuti kufala kwa matenda kwaduka.

Antchito a OCP anafika pafupifupi 800 ndipo ambiri mwa iwo anali a mu Africa. Kuyambira 1980 mpaka 1994 mkulu wa ntchitoyi anali Ebrahim Samba, dokotala wa ku Gambia, amene pambuyo pake anakhala mkulu wa WHO m'chigawo cha Africa. Maboma anavomereza kuti ndege ndi galimoto za OCP zizidutsa malire mosavutitsidwa, ndipo ntchito inapitirira ngakhale pamene maboma ankalandidwa ndi asilikali m'mayiko angapo, komanso pamene Mali ndi Burkina Faso anamenyana chifukwa cha malire mu 1985.

Zovuta zimene zinabuka

Vuto loyamba linaoneka m'zaka zoyambirira zomwezo. Nyengo ya mvula ikamayamba, ntchentche zambiri zinkapezeka m'madera amene munalibe mphutsi ndi imodzi yomwe, ndipo zambiri zinali zokalamba, zonyamula nyongolotsi. Kafukufuku anasonyeza kuti zinkabwera ndi mphepo ya mvula yochokera kum'mwera chakumadzulo, zina kuchokera pa mtunda wa makilomita mazana angapo kunja kwa dera lopoperedwa. Yankho linali kukulitsa dera. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1970 kupopera kunafika kum'mwera kwa Côte d'Ivoire, ndipo mu 1986 mayiko a Guinea, Guinea-Bissau, Senegal ndi Sierra Leone analowa nawo, pamodzi ndi kumadzulo kwa Mali ndi zigawo za kum'mwera za Benin, Ghana ndi Togo. Dera lonse linafika masikweya kilomita oposa 1.2 miliyoni, mokhala anthu pafupifupi 30 miliyoni.

Vuto lachiwiri linadza mu 1980, pamene mphutsi za kumunsi kwa mtsinje wa Bandama ku Côte d'Ivoire zinasiya kumva mankhwala a temephos. Posakhalitsa zinasiyanso kumva mankhwala a chlorphoxim amene analowa m'malo mwake. Zikanapitirira choncho ntchito yonse ikanagwa. Chimene chinapulumutsa zinthu ndi mankhwala opangidwa kuchokera ku bakiteriya wa m'dothi wotchedwa Bacillus thuringiensis israelensis, amene amapha mphutsi za ntchentche ndi udzudzu koma savulaza nsomba. OCP inayesa mankhwala ambirimbiri ndipo pomaliza inali ndi mitundu 7 imene inkasinthanitsa malinga ndi nyengo ndi kuchuluka kwa madzi. Kusinthanitsako kunkachititsa kuti mphutsi zisapeze mpata wozolowera mtundu umodzi. Njira imeneyi inadzakhala phunziro kwa ogwira ntchito yolimbana ndi udzudzu wa malungo.

Nkhawa yachitatu inali ya chilengedwe. Anthu mamiliyoni ankamwa madzi a mitsinje yomweyo ndi kudya nsomba zake. Pachifukwa ichi DDT sanagwiritsidwe ntchito, ndipo kunakhazikitsidwa gulu la akatswiri oima paokha amene ankawunika nsomba ndi tizilombo ta m'madzi. Gululi linali ndi mphamvu yokana mankhwala kapena kuika malire a masabata amene mankhwala amphamvu angathiridwe pa chaka. Malipoti ake anasonyeza kuti tizilombo tina ta m'madzi tinkachepa kwa kanthawi, koma nsomba sizinawonongeke mokhalitsa.

Kubwera kwa ivermectin

M'zaka za m'ma 1970 katswiri wa ku Japan, Satoshi Ōmura wa ku Kitasato Institute, anapeza bakiteriya wina m'dothi n'kumutumiza ku kampani ya Merck ku America. Kumeneko William Campbell ndi anzake anapeza kuti bakiteriyayo amatulutsa mankhwala amphamvu opha nyongolotsi. Kuchokera pamenepo kunapangidwa ivermectin, amene anayamba kugulitsidwa mu 1981 ngati mankhwala a ziweto. Chaka chomwecho dokotala wa kampaniyo, Mohammed Aziz, anayamba kuwayesa pa anthu odwala onchocerciasis ku Dakar, Senegal. Zotsatira zinali zabwino: kumwa kamodzi kokha kunkachotsa tiana ta nyongolotsi m'khungu kwa miyezi yambiri, popanda zoopsa za mankhwala akale aja.

Mu 1987 dziko la France linavomereza mankhwalawa pa dzina loti Mectizan. Odwala ake anali anthu osauka amene sakanatha kugula, ndipo panalibe boma kapena bungwe limene linadzipereka kulipira. Pa 21 Okutobala 1987 mkulu wa Merck, Roy Vagelos, analengeza kuti kampaniyo ipereka mankhwalawa kwaulere kwa onse owafuna, kwa nthawi yonse imene adzafunike. OCP inachita kafukufuku wamkulu wa m'midzi, monga ku Asubende m'dziko la Ghana, kuti ione ngati ndi bwino kumwetsa mudzi wonse, ndipo kenako inayamba kugawa mankhwalawa pamodzi ndi kupopera. Mu 2015 Campbell ndi Ōmura analandira mphoto ya Nobel chifukwa cha ntchito imeneyi.

Ivermectin sapha nyongolotsi zazikulu. Amapha tiana ndi kulepheretsa yaikazi kutulutsa ena kwa miyezi ingapo. Choncho amafunika kumwedwa kamodzi kapena kawiri pa chaka kwa zaka zambiri, mpaka nyongolotsi zazikulu zitafa zokha. Phindu lake linali loti munthu wodwala kale ankapeza mpumulo msanga: kuyabwa kunkaleka ndipo maso sankapitirira kuwonongeka. Kupopera kokha kunkateteza mawa, koma sikunkathandiza amene anali nazo kale nyongolotsi.

Zotsatira

Powerengera ndi kompyuta, mogwirizana ndi yunivesite ya Erasmus ku Rotterdam, akatswiri anapeza kuti zaka 14 za kupopera kosadukiza n'zokwanira kuti nyongolotsi zithe mwa anthu a dera. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 kupopera kunayamba kuimitsidwa m'chigawo chapakati. Ntchentche zinabwerera n'kumaluma monga kale, koma zinalibe nyongolotsi zoti zifalitse.

OCP inatsekedwa mu Disembala 2002. Malinga ndi WHO ndi World Bank, inateteza anthu pafupifupi 600,000 kuti asasiye kuona, ndipo ana pafupifupi 18 miliyoni anabadwa m'deralo popanda chiopsezo cha matendawa. Malo olima okwana mahekitala 25 miliyoni anamasuka, okwanira kudyetsa anthu 17 miliyoni pa chaka. Ndalama zonse zimene zinagwiritsidwa ntchito m'zaka 28 zinapitirira pang'ono madola 500 miliyoni a ku America, kutanthauza ndalama yosakwana dola imodzi pa munthu wotetezedwa pa chaka. Anthu mazana a m'mayikowa anaphunzitsidwa ukatswiri wa tizilombo, wa maso ndi wa kafalidwe ka matenda. Ku likulu la WHO ku Geneva ndi ku World Bank ku Washington kuli chiboliboli cha mnyamata akutsogolera bambo wosaona ndi ndodo, chokumbutsa za ntchitoyi.

Si paliponse pamene zinayenda mofanana. Ku Sierra Leone nkhondo yapachiweniweni ya pakati pa 1991 ndi 2002 inaimitsa ntchito kwa zaka zambiri. Madera ena a Benin, Ghana, Guinea, Sierra Leone ndi Togo anapitiriza kulandira chithandizo chapadera OCP itatsekedwa. Kubwerera kwa anthu m'zigwa kunabweretsanso mavuto ake. Ku Burkina Faso boma linakhazikitsa bungwe logawa malo m'zigwa za Volta, koma anthu ambiri anangosamukira okha osadikira boma. M'madera ena kunabuka mikangano ya malo pakati pa eni nthaka, alendo ndi oweta ng'ombe, ndipo mitengo ya m'mbali mwa mitsinje inadulidwa kwambiri. Akatswiri ena anadzudzulanso kuti OCP inali ndi ndege, galimoto ndi antchito akeake, olipidwa bwino kuposa a boma, moti zipatala za m'midzi sizinapindule mokwanira. Ichi n'chifukwa chake m'zaka zake zomaliza OCP inalimbikira kusiyira maunduna a zaumoyo ntchito yowunika matendawa.

APOC ndi mayiko otsala, kuphatikizapo Malawi

Anthu ambiri odwala onchocerciasis mu Africa ankakhala kunja kwa dera la OCP, m'mayiko monga Nigeria, Cameroon, Congo, Ethiopia, Uganda ndi Tanzania. M'madera a nkhalango ndi mapiri kupopera pa ndege sikukanatheka chifukwa timitsinje timabisika pansi pa mitengo. Choncho mu Disembala 1995 kunakhazikitsidwa ntchito yachiwiri, African Programme for Onchocerciasis Control, mwachidule APOC, imene inayamba ndi mayiko 19 ndipo inadalira ivermectin. Likulu lake linalinso ku Ouagadougou.

Funso lalikulu linali la mmene mapiritsi angafikire midzi yakutali chaka ndi chaka kwa zaka zoposa 15. Kafukufuku wa m'mayiko angapo anasonyeza kuti zimayenda bwino mudzi ukamasankha wokha anthu ogawa mankhwala, tsiku logawira ndi malo ake. Ogawawo amaphunzitsidwa ndi azaumoyo, amalemba kaundula wa mabanja, ndipo amayeza msinkhu wa munthu ndi ndodo yolembedwa mizere kuti adziwe mapiritsi oyenera, popeza sikelo sizipezeka m'midzi yambiri. Ana osakwana masentimita 90, amayi oyembekezera ndi anthu odwala kwambiri sapatsidwa. Njira yomweyi inadzagwiritsidwanso ntchito pogawa maneti a udzudzu, vitamini A ndi mankhwala a matenda ena. M'nkhalango za pakati pa Africa munapezeka vuto lina: anthu okhala ndi nyongolotsi yambiri ya Loa loa m'magazi amatha kukomoka ngakhale kufa akamwa ivermectin, choncho kumeneko kugawa kumachitika mosamala kwambiri.

Malawi anali m'gulu la mayiko a APOC. Matendawa amapezeka m'maboma 8 a m'chigawo cha kum'mwera: Thyolo, Mulanje, Phalombe, Chiradzulu, Blantyre, Chikwawa, Mwanza ndi Neno. Kafukufuku wofunika anachitikira m'boma la Thyolo kudzera ku chipatala cha Malamulo, ndipo ntchentche imene imafalitsa matendawa kumeneko inapatsidwa dzina loti Simulium thyolense potengera dzina la bomalo. Ku Malawi matendawa amasautsa kwambiri ndi kuyabwa ndi kuwononga khungu, pamene kusaona sikuchuluka ngati ku zigwa za Volta. Kugawa mankhwala motsogozedwa ndi midzi kunayamba kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, mothandizidwa ndi alangizi a zaumoyo a m'midzi.

APOC inatsekedwa kumapeto kwa 2015. M'malo mwake mu 2016 munalowa ESPEN, nthambi ya ofesi ya WHO ya ku Brazzaville, imene imayang'anira pamodzi onchocerciasis, likodzo, njoka za m'mimba, matenda otupitsa miyendo ndi matenda a maso a trachoma.

Kuchokera pa kuchepetsa kufika pa kuthetsa

Kwa zaka zambiri akatswiri ankakhulupirira kuti mu Africa ivermectin angangochepetsa matendawa. Mu 2009 kafukufuku wa m'madera ena a Mali ndi Senegal anasonyeza kuti anthu atamwa mankhwalawa kwa zaka 15 mpaka 17, kugawa kunaimitsidwa ndipo matenda sanabwerere. Kuyambira pamenepo cholinga chinasintha kukhala kuthetseratu kufala kwa matendawa. Ku America, kumene madera ake anali ang'onoang'ono, WHO inatsimikizira kuti matendawa atha ku Colombia mu 2013, ku Ecuador mu 2014, ku Mexico mu 2015 ndi ku Guatemala mu 2016. Mu 2018 dziko la America linavomereza mankhwala atsopano a moxidectin, amene amachotsa tiana ta nyongolotsi m'khungu kwa nthawi yotalikirapo. Mu Januwale 2025 WHO inalengeza kuti Niger, limodzi mwa mayiko 7 oyambitsa OCP, ndi dziko loyamba mu Africa kuthetsa kufala kwa onchocerciasis, patatha zaka 50 chiyambire kupopera mitsinje ya m'chigawocho.